Dzina Lachitatu pa Chiphaso cha Pilato

Uthenga unawapeza Pilato ndi mkazi wake Enifa mu Januwale 1912, mvula ili pakati. Lily, mng'ono wake wa Enifa, anali atamwalira kutsidya kwa mtsinje wa Ruo, m'dziko la Apwitikizi. Maliro anali ataikidwa kale. Malemuwo anasiya kamtsikana, dzina lake Agatha, ndipo achibale anati Enifa apite akakatenge, chifukwa kwa Alomwe mwana wa mng'ono wako ndi mwana wako.

Pilato ndi Enifa anabadwira kutsidya komweko, koma anabwera ku Mulanje ali achinyamata, kuthawa ntchito yokakamiza. Anamanga nyumba pafupi ndi Mulanje Mission. Pilato ankagwira ntchito m'munda wa tiyi, Enifa ankalima chinangwa ndi nandolo. Mwana mmodzi yekha amene anabereka anagona m'manda a pomwepo, ndipo kuyambira pamenepo pakhomo pawo panali zii. Choncho Enifa ankalira mng'ono wake, koma mtima wake unali kale pa Agatha.

Pilato anali munthu wabwino, kungoti anali waphuma. Ankayamba wathamanga, njira n'kufunsa pambuyo. Dzuwa lisanapendeke anali atamanga kale katundu.

Nthawi yomweyo anafika a Dainess, mayi woyandikana nawo nyumba, amene ankachapa nsalu ndi kutsuka mabala a odwala kuchipatala cha mishoni. Anabwera kudzapepesa, atanyamula mbale ya nyemba za kalongonda. Atakhala ndi Enifa kanthawi, anaona mtolo uja pakhomo.

"Ulendo ndi wa liti, a Pilato?"

"Mawa m'mamawa, amayi."

"Chiphaso mwatenga?"

Pilato anaseka. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kapepala kosonyeza kuti anakhoma msonkho wa nyumba. "Ichi si chiphaso? Komanso ndani sandidziwa ine kuno? Mango ali apowa ndinadzala ndine. Ngakhale agalu a kumishoni amandidziwa."

"Agaluwo akakhala nanu padoko?" anafunsa a Dainess. "Kapepala aka kakunena kuti muli ndi nyumba. Sikakunena kuti mwatuluka movomerezeka, kapena kuti mukuyembekezeka kubwerera. Kutsidya mukalankhula Chilomwe ngati wa komweko. Pobwera, msilikali akakusiyanitsani bwanji ndi munthu amene akulowa koyamba?"

"Kungokatenga mwana basi mpaka ku Boma?" anafunsa Pilato.

A Dainess sanakweze mawu. Sankakweza mawu ngakhale kwa wodwala wovuta. Anangoyang'ana pansi n'kunena kuti, "Amuna anga, a Jailosi, ananyamuka ndi kapepala konga komweka. Anati akungokaona amayi awo, abwera nandolo asanakhwime. Asipayi, apolisi a Apwitikizi kutsidya, anawagwira, n'kunena kuti ndi munthu wawo wothawa ntchito. Panalibe choti aonetse. Anawaika m'gulu la amtengatenga. Nandolo uja ndinakolola ndekha, ndipo mpaka lero ndikukolola ndekha."

Onse ankadziwa kuti a Jailosi sanabwerere, koma aka kanali koyamba kumva chifukwa chake kuchokera pakamwa pa a Dainess. Enifa anagwira dzanja la mwamuna wake.

"Bambo, chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Masulani mtolowo."

M'mawa mwake, m'malo molowera kumtsinje, analowera ku Boma. A Dainess anapempha mnzawo kuti awagwirire ntchito tsiku limenelo, n'kupita nawo ngati mboni. Palibe anawatuma, ndipo panalibe chilichonse chimene akanapindula. Anayenda m'matope kutsogolo kwa onse, nsalu atakwinya, Pilato akung'ung'udza m'mbuyo kuti dzuwa likuwathera.

Ku Boma anadikira pakhonde mpaka miyendo kuuma. Atalowa, mlembi anafunsa mayina awo, mudzi wawo, kumene Pilato ankagwira ntchito, ndi chimene ankakachita kutsidya. A Dainess anachitira umboni kuti anthuwa ndi okhazikika ku Mulanje.

"Mukupita angati?" anafunsa mlembi.

"Awiri," anayankha Pilato, ataimirira kale kuti azipita.

A Dainess anatsokomola pang'ono. "Pepani achimwene, afunseninso kuti abwera angati."

Mlembi anatukula maso. Enifa anafotokoza za Agatha.

"Aa, koma ameneyo ndi mwana wathu," anatero Pilato. "Mwana wa mng'ono wake wa mkazi wanga ndi wa m'nyumba mwanga. Aliyense amadziwa zimenezo. Munthu amalembetsa mwana wake yemwe ngati mbuzi?"

"Mwambo umenewo ndikuudziwa, inenso ndine Mlomwe," anatero mlembi. "Koma msilikali padoko sawerenga mwambo, amawerenga anthu. Awiri atuluka, atatu abwera. Adziwa bwanji kuti mwanayo simunamube? Ana ambiri anasowa m'njira zimenezi masiku apitawa, n'chifukwa chake timafunsa. Mayi awa akuthandizani kwambiri."

Analemba dzina la Agatha, dzina la malemu mayi ake, ndi tsiku limene chiphasocho chidzathe mphamvu. Anadinda chidindo, nawachenjeza kuti abwerere tsikulo lisanafike.

Pobwerera kunyumba a Dainess anadula kansungwi, n'kupinda chiphaso chija bwinobwino, n'kuchilowetsa m'kati. Kukamwa kwake anamata ndi phula.

"Ruo wadzaza," anatero. "Pepala likanyowa limasanduka phala. Mangani m'khosi, osati m'chiuno."

Apa Pilato sanatsutse. Anangowerama kuti amumange.

Kutsidya analira maliro, anaona manda a Lily, ndipo achibale anawapatsa mwana. Agatha anali woonda ndi wamanyazi. Tsiku loyamba anakana kuyandikira, koma lachiwiri anagona pamiyendo ya Enifa, ndipo kuchokera apo sanafune kutsika kumsana kwake. Achibale anawaumiriza kuti akhale mpaka chimanga chiche. Pilato, yemwe uja waphuma, ndi amene anakumbutsa onse kuti chiphaso chili ndi tsiku lake.

Ali pafupi ndi mtsinje anakumana ndi asipayi akufuna amuna onyamula katundu. Mmodzi anagwira Pilato paphewa. Pilato anamatula phula, anatulutsa chiphaso, n'kuonetsa chidindo. Msipayi anachiyang'ana, anayang'ana Pilato, n'kumusiya. Pilato anakumbukira a Jailosi, ndipo anabwezera chiphaso m'kansungwi n'kumatanso phula asanakwere bwato.

Madzi anali ofiira ndi aukali. Bwato linapendama pakati pa mtsinje, madzi n'kulowa, onse ananyowa mpaka m'chifuwa. Atafika tsidya lino, msilikali wa padoko anawaimitsa.

"Inu ndikukukumbukirani. Munadutsa awiri. Uyu ndani?"

"Ndi mwana wanga," anatero Enifa.

"Aliyense amatero, mayi. Mutsitseni. Ngati palibe cholembedwa, abwerera ndi bwato lomweli mpaka nkhani yake imveke."

Agatha anakakamira khosi la Enifa n'kuyamba kulira. Enifa anamugwira zolimba. Anali ataika kale mwana mmodzi m'manda, ndipo sakanatha kuona wina akuwoloka mtsinje yekha.

Pilato anatulutsa pepala m'kansungwi. Linali louma. Msilikali analitambasula n'kuwerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mizere. Anatchula Pilato. Anatchula Enifa. Kenako anaima.

"Agatha, mwana wa malemu Lily." Anasuzumira kumsana kwa Enifa. "Iwe ndiwe Agatha?"

Mwana anagwedeza mutu, misozi ili m'masaya.

"Ndiye ukulira chiyani? Dzina lako linafika kuno iwe usanafike. Pitani kwanu."

Atafika pamudzi anapeza a Dainess akupalira chinangwa cha Enifa, chimene chikanalowa thengo. Anaponya khasu pansi, n'kuwerenga ndi chala monga anachitira msilikali uja.

"Mmodzi, awiri, atatu."

Pilato anagwada. "Amayi, ine ndinkati mukutichedwetsa. Pakanapanda inu, ine ndikanakhala ndikusenza katundu kutsidya, mwanayu ali kwina, mkazi wanga ali kwina. Ndikuthokozeni ndi chiyani?"

A Dainess ananyamula Agatha n'kumupukuta kumaso ndi nsonga ya nsalu yawo. Anayang'ana kanthawi njira yochokera ku Ruo, imene anakhala akuiyang'ana zaka zonse zija.

"Mwandithokoza kale," anatero. "Ndimafuna nditaona munthu akubwera m'njira imeneyi."

Anthu ngati a Dainess ndi osowa. Chisoni chawo sanachisunge m'nyumba, anachisandutsa chenjezo lopulumutsa anzawo. Phunziro lawo ndi ili: kukhala nthawi yaitali m'dziko si chilolezo chobwereramo. Musanatuluke, pitani kwa oyenera mukafunse chikalata chimene chidzafunike pobwera, chifukwa si pepala lililonse limene limatsegula njira. Onetsetsani kuti aliyense amene mudzabwere naye walembedwa, ngakhale mwana wa kumsana. Dziwani tsiku limene chikalatacho chidzathe mphamvu, ndipo chisungeni pouma. Ulendo wabwino ndi umene wakonzedwa mpaka pobwerera.