Chitseko Pamutu

Ndinalota nditasenza chitseko cha nyumba yathu, chomwe ndinakhoma ndekha nditangobwera kudzakhala pachikamwini m'mudzi muno. Chinkalemera ngati chavumbwa mvula, misomali yake ikundikanda m'khosi. Ndinkadutsa m'chimanga cholekeza m'chiuno, mame akundizizira m'miyendo.

Kenaka ndinangopezeka ndili m'tchalitchi chopanda denga. Anthu ankaimirira mmodzimmodzi kunena zomwe achite chaka chino: uyu agula mbuzi, uyo asiya mowa. Itafika nthawi yanga ndinatsegula pakamwa, koma munangotuluka dothi lofunda. Palibe amene anaseka. Palibenso amene anandiyang'ana.

Panja ndinaona malemu mkazi wanga akupalira, atandifulatira.

"Bambo a Chisomo, tulani chitsekocho, muthyoka khosi," anatero osacheuka.

"Nditule pati, mayi?"

Analoza ndi khasu, koma kumene analozako kunali nkhungu yokhayokha.

Ndinadzidzimuka kutayera, tsiku loyamba la chaka, khosi likuwawadi. Kaya malotowa akutanthauzanji, kaya. Chomwe ndikudziwa n'chakuti akuchikazi akuti adzandisudzula tikakolola, ndipo sananene ngati ndidzatsale ndi ana kapena ndidzabwerere kwathu, kumene munda wanga anagawana kalekale. Munthu ungalinge bwanji za chaka usakudziwa khomo lomwe uzidzatulukira?

Ndinkati chaka chino ndibzala mango kuseri kwa nyumba. Mbande zake zili pakhonde. Ndazithirira m'mawa uno, koma ndazisiya m'machubu momwemo. Za m'chubu zimanyamulika.