Fomu ya Janeti Muhiwa

Lachitatu pa 13 Malichi 1985, nthawi itangopitirira 10 koloko m'mawa, mtsikana wa Sitandade 8 anakhala pansi pabwalo la sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Milonde, namasula mabatani awiri a yunifolomu yake, nayamba kuyamwitsa mwana. Anaona zimenezi ndi amayi oposa makumi asanu amene anabwera kusikelo, namwino mmodzi, ndi mphunzitsi wa kalasi lake, a Winston. M'kaundula wa sukuluyo mtsikanayo analembedwa kuti Janeti Muhiwa, wa zaka 16. Dzina lake lenileni linali Eneles Nakhumwa, ndipo anali ndi zaka 17.

Eneles anachotsedwa sukulu kwawo ku Chonde pa 14 Febuluwale 1983, ali Sitandade 7, atapezeka ndi pakati. Lamulo la masiku amenewo linali lalifupi: mtsikana wotenga mimba achoke, asadzabwererenso. Mwini mimbayo anali telala wa pakhonde la sitolo, ndipo mwezi womwewo ananyamula makina ake kupita ku Limbe. Mwana anabadwa pa 9 Juni, namutcha Filipo. Amake a Eneles anali amasiye, a kamunda kamodzi ka chinangwa ndi nandolo, ndi ana ena anayi pakhomo.

Amene anabwera ndi nzeru ndi amayi aakulu a Eneles, a Esteri, othyola tiyi pa esiteti ina ya kufupi ndi Milonde. Mwana wawo wamkazi, Janeti, anakulira kwa mchimwene wake ku Thyolo. Kumeneko anakhoza Sitandade 7 mu Julaye 1984, koma mwezi wotsatira anakwatiwa. A Esteri anakwera basi kukatenga kalata yosinthira sukulu ya Janetiyo pamodzi ndi makope ake akale, nadutsira ku Chonde pobwerera. Anauza mng'ono wawo kuti Janeti wataya dzina labwinobwino, ndipo iwo sakonda kuona chinthu chikuwola pamene pali wochifuna. Eneles anawerenga makopewo milungu isanu ndi umodzi, mwana ali pamsana. Pa 1 Okutobala 1984, atasamukira kwa a Esteri pamodzi ndi mwanayo, analembedwa Sitandade 8 m'dzina la Janeti.

Anagwirizana zinthu zingapo. Kwa alendo, Filipo anali mdzukulu wa a Esteri, amake ali kutali. Ankayamwa m'mamawa ndi madzulo basi. Masana ankatsala ndi mayi wina woyandikana nyumba, kapena a Esteri ankamubereka kupita naye kumunda wa tiyi kapitawo akakhala wachifundo. Anamuphunzitsa kutchula amake kuti Neti. Ndipo ngakhale galimoto ya sikelo inkaima pabwalo la sukuluyo Lachitatu lachiwiri la mwezi uliwonse, a Esteri ankapita naye mwanayo kusikelo ina, mtunda wa maola awiri, kutsidya kwa mtsinje.

Pa mayeso a teremu yoyamba, mtsikana wotchedwa Janeti anakhala nambala 2 pa ana 58. Pa masamu anaposa onse.

Mu Febuluwale Filipo anatsegula m'mimba masiku asanu ndi anayi. Atachira, tsitsi lake linayamba kufiira ndi kupyapyala, ndipo ankakana phala. Mvula inakokolola mlatho wa mitengo wopita kusikelo ya kutsidya. A Esteri anadikira milungu iwiri kuti madzi aphwe, koma sanaphwe. Lachiwiri madzulo anauza Eneles kuti mawa apita naye mwanayo kusukulu komweko, chifukwa kumeneko n'kumene kuli ufa wa phala ndi mankhwala, ndipo chinsinsi sichinenepetsa mwana. Eneles angokhala m'kalasi mpaka galimoto itachoka.

Chimene onse awiri anaiwala n'chakuti tsiku la sikelo, madzi osamba m'manja anamwino amatunga ndi atsikana a Sitandade 8. Miyezi yonse yapitayo Eneles ankatunga nawo osaganizapo kanthu. Tsikulo anayesa kunena kuti mutu ukumupweteka, koma a Winston anati mutu umenewo ukapola ndi mphepo ya kuchitsime, namupatsa ndowa.

Pobwera kuchitsime anapeza amayi atamaliza nyimbo, ayamba kuyeza ana. Sikelo inali itamangidwa pa nthambi ya mtengo wa mango, ndipo amene ankalendewera pamenepo, m'kabudula wa nsalu yolimba, anali Filipo, akulira mpaka mawu kutha. Atamutsitsa anapulumuka m'manja mwa a Esteri, nadutsa pakati pa miyendo ya amayi, nakagwira chipendero cha yunifolomu. Sanatchule Neti kapena dzina lina lililonse. Eneles atawerama kuti atule ndowa, mwanayo anapisa dzanja m'khosi mwa diresi, monga amachitira mwana kwa munthu mmodzi yekha.

Eneles anamuyang'ana tsitsi lofiira lija. Kenaka anakhala pansi, natambasula miyendo.

Kulira kunatha pomwepo. Mayi wina wachikulire amene anali pafupi anavula chitenje chake chapamwamba, namufunditsa mtsikanayo paphewa, nati, "Mupatsenso linalo, make Filipo. Limodzi lokha silikwana."

Amayi anaseka, ndipo kuseka kwawo kunaonetsa kuti panalibe wodabwa. Ambiri anali a m'mudzi mwa a Esteri, ndipo Janeti weniweni anamuona akukwawa. Wina anafuula kuti mwana wa sukulu ameneyu ndiye wamvetsa phunziro la anamwino kuposa onse. Wina anatembenukira kwa a Winston, amene anaima pakhonde choko chili m'manja, nawafunsa ngati iwo anakula ndi choko. A Winston analowa mu ofesi ya ahedi.

Ahedi anali a Jailosi, munthu wa zaka 54, amene ankalemba chilichonse chochitika pasukulupo m'buku lalikulu la chikuto chakuda, tsiku ndi nthawi yake. Anamvetsera a Winston mpaka kumapeto. Kenaka anatuluka kukafunsa namwino funso limodzi: kodi mtsikana uyo ali ndi pakati? Namwinoyo anamutengera Eneles kuseri kwa galimoto, nabwerako n'kunena kuti ayi. Ananenanso, ngakhale sanafunsidwe, kuti mwanayo watsika kulemera miyezi iwiri yotsatizana, ndipo ayenera kuyamwa masana omwe mpaka atabwerera mwakale. A Jailosi anabwerera mu ofesi, nalemba m'buku muja kuti sikelo yachitika, ana 63 ayezedwa. Sanalembe china.

M'mawa mwake anaitanitsa a Esteri ndi mtsikanayo. A Winston analiponso. Patebulo panali mafomu a mayeso a Sitandade 8, amene ankayenera kufika ku Boma pasanadutse pa 22 Malichi. Wosalembedwa pa mafomu amenewo sakanalowa m'chipinda cha mayeso mu Julaye.

A Winston analankhula poyamba, modekha. Anati alibe naye mlandu mtsikanayo, ndipo pa masamu sanaphunzitsepo wina woposa iye. Koma lamulo sanalipange ndi iwo. Pabwalo paja panali pakamwa makumi asanu, ndipo masiku ano kalata yopanda dzina imafika ku Boma msanga kuposa njinga. Iwo ali ndi ana asanu ndi mmodzi, ndipo aonapo aphunzitsi akuchotsedwa ntchito pa zifukwa zochepa kuposa zimenezi. Fomu ya mtsikanayu sasaina.

A Jailosi anatulutsa kalata ya lamulolo m'kabati, naiwerenga mokweza kawiri. Anati kalatayo ikunena za mtsikana wopezeka ndi pakati, ndipo pasukulu pawo palibe wapezeka ndi pakati. A Winston anati ahedi akudziwa bwino chimene olembawo ankatanthauza, ndiponso nkhani ya dzina si yaing'ono. A Jailosi anavomera kuti si yaing'ono. Anatembenukira kwa mtsikanayo.

"Iwe, ndiuze wekha. Ndiwe yani?"

"Kunyumba ndine make Filipo, aphunzitsi. Pano ndine Janeti Muhiwa."

"Nanga dzina limene anakupatsa amako?"

"Eneles. Ameneyo anachotsedwa sukulu pa 14 Febuluwale 1983. Sanabwerereko."

A Esteri anang'ung'udza mawu angapo m'Chilomwe, kenaka anapempha kuti alankhulepo. Anatambasula manja awo patebulo, pafupi ndi mafomu, kuti onse aone zala zakuda ndi zong'aluka.

"Ahedi, ine ndathyola tiyi zaka makumi awiri ndi ziwiri. Amayi anga anathyola. Janeti wanga akuthyola ku Thyolo. Uyu sathyola. Ngati pali wolakwa ndi ine, kalata ija ndinakatenga ndekha. Mukandinenere ku Boma, njira ndikuidziwa, ndipita ndekha wapansi. Koma pepala la mwanayu litsogole."

A Winston anati nkhani si ya manja, mayi. A Esteri anawayankha kuti kwa munthu wogwira choko si ya manja ndithu.

A Jailosi anamufotokozera mtsikanayo tanthauzo la fomuyo, pang'onopang'ono, monga ankafotokozera masamu ogawa. Dzina lolembedwa pamenepo lidzakhala pa setifiketi. Akasankhidwa kupita kusekondale adzapita nalo. Akadzapeza ntchito adzalembedwa nalo, ndipo palibe ofesi imene idzavomere kulisintha popanda kufunsa chifukwa chake. Ku sekondale yogonera komweko sadzatha kunena kuti ali ndi mwana. Anamufunsa ngati wamvetsa. Eneles anati zimenezo anaziganizira mu Okutobala, asanavale yunifolomu ya Janeti, ndipo anapempha cholembera.

Analemba dzinalo m'zilembo zikuluzikulu. Pamalo posaina mphunzitsi wa kalasi, a Jailosi anasaina okha, n'kulemba pambali kuti asaina m'malo mwa mphunzitsiyo. Anasainanso pamalo pawo, nadinda chidindo. Anauza a Winston kuti dzina lawo silikuoneka paliponse pa pepalalo, ndipo aliyense wofunsa amutumize kwa iwo.

Anakonzanso china. Kuseri kwa nyumba yawo kunali khitchini ya udzu. Kuyambira Lolemba pa 18 Malichi, nthawi yopuma, mayi woyandikana nyumba ndi a Esteri uja ankabwera ndi Filipo kudzera njira ya kumunda, ndipo Eneles ankayamwitsa mphindi khumi ndi zisanu, akazi a ahedi akuphika phala la ufa wa kusikelo. Belu likalira ankabwerera m'kalasi. Atsikana anzake anamutcha mayi wa kalasi. Mnyamata wina atamufunsa ngati watsalako mkaka wa tiyi, Eneles anamuuza kuti ayambe wakhoza masamu ogawa, chifukwa iye sadyetsa ana a eni osagwira ntchito. Sanafunsenso.

Lachisanu pa 22 Malichi a Jailosi anapalasa njinga kupita ku Boma ndi mafomu 58. Kalaliki anawawerenga, nawalandira. Mndandanda wa manambala a mayeso, wosonyeza ana amene aloledwa kulemba, unkayenera kubwera kusukulu sukulu zikatsegulira teremu yachitatu.

Lolemba lotsatira a Winston anapempha tsiku limodzi, nati akukaonetsa dzino kuchipatala cha ku Boma. Anapita, nabwerako madzulo. Munthu wina wogulitsa nanazi anawaona akutuluka pachipata cha maofesi a zamaphunziro. A Jailosi atamva, sanawafunse ngati anakaneneza mtsikanayo. A Winston anapitiriza kuphunzitsa monga kale, ndipo pa mayeso a teremu yachiwiri anachonga okha pepala la masamu la mtsikanayo, nalipatsa 94. Ulendo uno Eneles anakhala nambala 1.

Pa sikelo ya pa 10 Epulo, Filipo anapezeka atakwera ndi magalamu 600. Anapita naye ndi Eneles mwini, atavala chitenje, popeza inali holide. Namwino anamuuza kuti apitirize momwemo miyezi ina itatu.

Sukulu zitatsegulira, a Jailosi anayamba kuphunzitsa Sitandade 8 Loweruka lomwe. Eneles sanajombe tsiku limodzi. A Esteri anauza kapitawo wawo kuti mu Julaye adzafuna masiku atatu, chifukwa mwana wawo adzakhala akulemba mayeso ndipo Filipo adzafuna womusamala.

Mndandanda wa manambala unafika pa sukulu ziwiri zoyandikana pa 26 Epulo. Pofika Lachiwiri pa 30 Epulo 1985, wa sukulu ya a Jailosi unali usanafike.