Dzanja la Pansi pa Tebulo

Aphunzitsi atapuma pantchito, anthu ankaganiza kuti aweta nkhuku ngati mmene anachitira anzawo onse. Koma iwo anasesa kachipinda kakuseri komwe munkakhala makasu ndi njinga yakufa, anakhomamo shelefu, n'kulengeza kuti apanga gitala yamagetsi.

"Yamagetsi?" anafunsa akazi awo. "Inuyo amene babu likapsa mumaitana achimwene anga?"

"Babu lilibe masamu, mayi. Gitala ndi masamu okhaokha."

Kuimba sankadziwa, ngakhale kanyimbo kamodzi. Chimene chinawakoka chinali kuyeza. Munthu amene waphunzitsa masamu zaka makumi atatu sangaone lula n'kungodutsa. Ankaonera akatswiri pafoni, n'kumalemba miyezo m'kope la timabokosi, kufufuta, kulembanso.

Gitalayo inali ya mwana wawo womaliza, yemwe aliyense ankangomutchula kuti Mzime ngakhale tsopano anali namwino wamkulu ndithu, wokhala kutali. Mzime ankaimba m'gulu la anzake a kuchipatala, ndipo gitala yake inali yobwereka. Kunyumba ankabwera kamodzi pachaka. Ndi mayi ake ankacheza mpaka kukhosi kuuma, koma ndi bambo ake unali moni, za mvula, za mseu, basi kwatha. Aphunzitsi ankaziona zimenezi ndipo zinkawadya mumtima. Pakamwa sankadziwa poyambira, ndiye anati mwina manja awayankhulira.

Thabwa analitenga patebulo lakale lodyera, lomwe miyendo yake inali itadyedwa ndi chiswe. Pamwamba pake panali thabwa lofiirira, lochindikala, lolemera ngati mwala, koma mbali imodzi linali ndi mng'alu. Malo abwino anangokwana thupi limodzi la gitala. Analidula mosamala, tsiku lonse, sowo ikulira pang'onopang'ono. M'munsi anasema pokhota poti dzanja lizifika bwino kumapeto kwa khosi, pamwamba anapalapo poti mkono uzitsamira. Kenako anakumba ndi chizulo maenje anayi kumaso kwake: lolowera khosi, awiri a maginito otola kulira kwa nsambo, ndi lina la mawaya ndi zopotokola zokwezera ndi kutsitsira mawu. Miyezi inayi inathera pamenepo. Utuchi unkapezeka m'tsitsi, m'matumba a malaya, ngakhale m'kapu ya tiyi.

Loweruka lina m'mawa kunabwera alamu awo, achimwene a mayi aja, munthu wokonza mawailesi. Iwowa ndi amene anakulunga waya wopyapyala ngati tsitsi pamaginito aja, ndipo anabwera kudzayesa ngati akukwana m'maenje. Anakwana ndendende.

"Alamu, mwandichititsa manyazi," anatero akusisita thabwalo. "Ine ndimati mupanga mpini wa khasu wokhala ndi nsambo."

"Mpiniwo ndikupangirani wanu, mukayambe kulima."

"Ine ndi khasu tinasudzulana kalekale. Tandionetsani mmene mwanayo amagwirira gitala, ndidziwe poboola polowera chingwe cha sipika, chisamamukole mwendo."

Aphunzitsi anaitana akazi awo kuti abweretse foni yawo, momwe munali kanema wa Mzime akuimba. Mayiwo anachedwa kubwera, ndipo atabwera anaipereka foniyo akuyang'ana kumbali. Alamu anaonera kamphindi, kenako anakweza maso.

"Mwanayutu ndi wamanzere."

"Ayi, foni ndi imene imatembenuza zinthu ngati kalilole. Mayi ake anandifotokozera."

"Imatembenuza ikamadzijambula yokha. Taonani kukhomako." Alamu anakulitsa chithunzicho ndi zala. Kumbuyo kwa Mzime kunali chikwangwani cholembedwa kuti anthu azisamba m'manja. "Mwaphunzitsa ana moyo wanu wonse. Zilembozi zatembenuka?"

Zilembozo zinali chilili, zoongoka bwinobwino. Khosi la gitala linaloza kumanja kwa Mzime, ndipo dzanja lomwe linkakhwacha nsambo linali lamanzere.

Aphunzitsi anakhala pansi pa kabenchi. Anayang'ana thabwa lawo, pokhota paja, potsamira mkono paja, maenje anayi aja. Zonse zinali mbali yolakwika.

"Munandiuza kuti ndi foni, mayi."

"Ndinatero."

"Chifukwa chiyani?"

"Munali mutadula kale, nkhope ikuwala ngati mwana wopambana mayeso. Ndikanayambira pati?" Mayiwo anapinda manja. "Kulemba amalemba ndi lamanja, pamenepo munapambana. Koma zina zonse, kusenda, kusoka, kubaya jakisoni, ndi lamanzere. Pamaso panu pokha ndi pamene amasintha. Inu simudabwa kuti akakhala nanu tiyi amangotayikira?"

Aphunzitsi ankadziwa za tiyiyo. Ankangoti mwanayo ndi wosasamala.

Anakumbukira madzulo a masiku amenewo, Mzime ali kalasi yoyamba, atakhala patebulo lomweli miyendo ikulendewera. Pensulo ikangopita kumanzere, lula inkagwa pazala. "Dzanja ilo pansi pa tebulo," ankatero, ndipo linkapita pansi. Sanachite mwankhanza, mmene iwo ankaonera. Nawonso anaphunzitsidwa choncho, ndipo ana ambirimbiri m'kalasi mwawo anawawongola choncho. Pofika kalasi yachitatu mwana ankalemba ndi lamanja, zilembo zokongola, ndipo iwo ankanyadira pouza anzawo kuti za manzere zija zinatheratu.

Alamu anatsokomola. "Musadandaule kwambiri. Tingosinthanitsa nsambo, yaikulu pansi yaing'ono pamwamba, iye aziigwira chadodolido. Ambiri amatero. Zopotokolazi zizimukhula pamkono, chingwe chizitulukira m'khwapa, koma azolowera."

"Wazolowera zambiri kale," anatero Aphunzitsi.

"Nanga thabwa lina mulipeza kuti? Tebulo linali limodzi."

Alamu anakulunga maginito awo m'nyuzipepala, anatsanzika mlongo wawo chapansipansi, n'kumapita.

Masiku atatu kachipindako kanakhala kotseka. Aphunzitsi anathirira masamba, anakonza mpanda womwe sunkafuna kukonzedwa. Mzime anali atanena kuti abwera pakutha pa mwezi, ndipo za gitala sankadziwa kanthu. Kungoibisa pansi pa bedi kunali kotheka, n'kumulandira mwana ndi nkhani za mvula monga mwa masiku onse.

Tsiku lachinayi analowamo kuti angosonkhanitsa zida. Ananyamula thupi la gitala lija kuti aliike pashelefu, ndipo poliika analigoneka chafufumimba, maenje pansi. Ataliyang'ana anaima. Pokhota paja tsopano panali mbali inayo. Thabwa lomwelo, litangotembenuzidwa, linali gitala ya munthu wamanzere.

Kumsanaku anali asanakupale, ankati adzakumaliza pomaliza. Kunali kunsi kwa tebulo, kwakuda ndi fumbi la zaka. Anapukuta ndi kansanza konyowa, n'kupita nalo pakhomo pomwe panali kuwala. Pathabwapo panali timizere tambirimbiri tokanda ndi pensulo ndi bolopeni: mizungulire, timaluwa topindika, kankhuku ka miyendo itatu, nambala zogona chammbali. Poyamba paja anationa ndithu, n'kungoti ndi zolembalemba za ana. Tsopano anawerengera malo ake. Timizereto tinali kumanzere kwa pomwe Mzime ankakhala, pofika dzanja la mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi. Dzanja lija, litathamangitsidwa pamwamba, linkapitiriza ntchito yake kunsi, mumdima, popanda maso oliongolera.

Anaitana akazi awo. Mayiwo anayang'ana nthawi yaitali.

"Mapensulo ankatha msanga m'nyumba muno," anatero. "Inu n'kumati akuba anzake."

Ntchito yotembenuza sinali yamasewera. Maenje anayi aja anafunika kutsekedwa, ndipo anadula tizidutswa kuchokera ku mbali ya mng'alu ija, kutisema mpaka kalikonse kalowe kothina, kutimata ndi guluu n'kutsindira ndi njerwa masiku awiri. Kenako anakumba maenje atsopano kumaso kwatsopano, mosamala kwambiri, chifukwa pakati pa dzenje latsopano ndi chigamba chakale panalibe malo olakwitsira. Khosi silinavute kwambiri, poti mutu wake anaupanga wofanana mbali zonse, zomangira nsambo zitatu uku zitatu uku. Anangosema kafupa katsopano kotsamirapo nsambo kumutu kwa khosilo, n'kusamutsa timadontho ta m'mbali mwake tosonyeza pogwira. Pomwe anapala poti mkono uzitsamira panasanduka pokhalira mimba, ngakhale sipanali penipeni. Dzenje limodzi linadya timaluwa tiwiri, ndipo zinawapweteka, koma kankhuku kanapulumuka.

Alamu atabwera kudzalumikiza mawaya anapukusa mutu.

"Pakani penti wakuda, alamu. Kumbuyoku kwachita zigamba ngati buluku la mlenje, kumasoku ngati khoma la sukulu."

"Ndipaka vanishi woonekera."

"Anthu adzati gitala anapanga ndi mphunzitsi."

"Adzakhala akunena zoona."

Mzime anafika Lachisanu masana, atatopa ndi basi. Anapereka moni kwa bambo ake ndi manja awiri, anayankha za mseu, n'kuthawira kukhitchini kwa mayi ake. Aphunzitsi anamvetsera kuseka kwawo kwa kanthawi. Kenako anakaima pakhomo la khitchini.

"Mzime, ukamaliza tiyi ubwere kuseri. Pali chinthu chikundivuta."

Anabwera akupukuta m'manja. Gitala inali pabenchi, yolumikizidwa ku sipika ya wailesi yakale ya alamu, yomwe inkang'ung'udza chapansipansi. Mzime anaima pakhomo.

"Mwagula gitala, bambo?"

"Ndapanga. Koma sindidziwa ngati imalira bwino, ine makutu anga ndi a choko. Tayesa."

Anainyamula mwaulemu, n'kukhala pakabenchi. Aphunzitsi anaona maso ake akuthamangira kwa iwo kamodzi, kenako Mzime anaigoneka gitalayo pamwendo ngati munthu wamanja, khosi kumanzere. Sinakhazikike. Zopotokola zinamubaya pamkono, chingwe chinatulukira m'khwapa. Anayesa kuikankha uku ndi uku, n'kuyang'ana nsambo, yaikulu ili pansi.

"Waigwira chadodolido," anatero Aphunzitsi. "Tembenuza."

Anatembenuza pang'onopang'ono. Gitalayo inakhala pamwendo pake ngati inakulira pomwepo. Dzanja lamanzere linagwera pansambo lokha, koma sanakhwache. Ankayang'ana pansi pa vanishi, pomwe panali kankhuku ka miyendo itatu. Anakatsata ndi chala.

"Ili ndi tebulo lathu."

"Ndi lomwelo."

"Ndimaganiza kuti palibe anaona."

"Ndaona mwezi uno. Ndinachedwa, mwanawe." Aphunzitsi anatola kachidutswa ka sandipepa pabenchi, n'kukabwezera pomwepo. "Kumbuyoko kuli zigamba zinayi. Ndinayamba ndapanga ya munthu wamanja. Sindinafune kuzibisa."

Mzime anapisa dzanja kumsana kwa gitala n'kupapasa zigambazo chimodzichimodzi, ngati mmene amapapasira mtsempha wa wodwala.

"Zapola bwino," anatero. Kenako anaseka pang'ono, akupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Sinali nkhuku, bambo. Anali inuyo. Mwendo wachitatuwo ndi lula."

Aphunzitsi anawerama n'kuyang'anitsitsa. Kankhukuko kanalidi ndi kanthu kooneka ngati tayi pakhosi.

"Mphuno wandinamizira," anatero.

"Ndinkajambula osaona."

Anakhwacha nsambo zonse kamodzi. Sipika yakale ija inanjenjemera pashelefu, misomali ya m'chitini inalira nayo, ndipo galu wa oyandikana nawo anayamba kuuwa. Mzime anapotokola zomangira, khutu lili pafupi, kenako anatsitsa zala mpaka kumapeto kwa khosi n'kuliza nsambo imodziimodzi.

"Yachitatuyi ikukwera pang'ono ikafika kuno. Kachitsulo komwe yatsamirapo kakufunika kubwerera m'mbuyo."

"Ndinayeza katatu."

"Lula imanama nthawi zina. Muli ndi sikuludiraiva yaing'ono?"

Aphunzitsi anaipeza m'chitini. Anaima nayo kamphindi, kenako anazungulira benchi n'kukamupatsira kumanzere. Anakoka ndowa, anaivundikira pansi, n'kukhala pambali pake kuti aone mmene amachitira.