Tchinga ndi Phazi

Padoko la Wybren, wogulitsa maboti, panali maboti awiri a matanga oti munthu n'kuyenda nawo mpaka ku Norway, kudya ndi kugona momwemo. Lina linali laling'ono, lofiira, penti itayamba kusupuka. Linalo chinali chiboti choyera mbee, cha bafa ndi firiji, cholemera ngati lole yodzaza simenti.

Tjitske ankafuna laling'onolo. Mwamuna wake Auke ankafuna chachikulucho, ndipo Auke akafuna chinthu, womutsutsa ankadzuka ndi diso lotupa.

"Inu Auke, timvane," anatero Tjitske chapansipansi. "Chimenechi ine sindingachithe. Chikandikanika ndidzachigwira ndi chiyani?"

"Iwe ukufuna tiziyendabe m'beseni mpaka imfa? Anzathu kukalabu azitiseka?"

Anamugwira mkono pamwamba pa chigongono, nkhope ikumwetulira Wybren, zala zikulowa m'mnofu.

"Mayi, musaope, ichi n'chofatsa ngati ng'ombe ya mkaka," anatero Wybren. "Tiyeni tikachiyese kunyanja. Achikulire, gwirani chiwongolero, ine ndikatereke khofi m'katimu."

Zaka zonse za ukwati wawo anali ndi kaboti kathabwa kamene tsopano kanali kataola. Pa kameneko ntchito ya Tjitske inali imodzi: kuima kutsogolo, khoma likayandikira Auke n'kukuwa kuti "Phazi!", iye n'kulikankha ndi chidendene. A timaboti ting'onoting'ono kuno amatero onse, sizachilendo. Koma akachedwa pang'ono penti n'kukalika, mbama inkamudikira m'kati, kumene anthu sakuona. Ankamuopa mwamunayo, ndipo manthawo anali atamutopetsa.

Kuti utuluke mu ngalande kupita kunyanja umadutsa pachipata cha madzi, kampata kopapatiza pakati pa makoma awiri amiyala, obiriwira ndi ndere. Tsikulo mphepo ya kumadzulo inkaomba mopanda ulemu. Tjitske anatenga mipira yotchingira boti pogunda khoma kuti aipachike m'mbali mwa boti.

"Siya zimenezo!" anakalipa Auke. "Mipira ndi ya anthu osadziwa kuyendetsa."

Ee, paja mwamuna sauzidwa. Pamlatho wa pachipatapo panali anthu akudya nsomba zokazinga m'timapepala, akuonerera maboti, ndiye Auke anati aone onse. Analowa pampatapo ndi liwiro, chifuwa patsogolo.

Mphepo inachigwira chibotichi m'nthiti n'kuyamba kuchikankhira kukhoma lakumanja. Auke anabweza injini. Injini inabangula, koma chinthucho osamva.

"Phazi, Tjitske! Phazi!"

Mwendo unadzuka wokha, unazolowera. Kenako Tjitske analiona khomalo likubwera, nakumbukira kulemera kwa chimene anapondapo. Apa si penti ayi, apa ndi mwendo wake. Anautsitsa n'kubwerera m'mbuyo.

"Ayi."

"Wati chiyani?"

"Ndati ayi!"

Auke anasiya chiwongolero. Munthu wamkulu, kusiya chiwongolero pachipata! Anathamangira kutsogolo namusasantha chibakera cha pakamwa, phaa, pamaso pa anthu onse aja. Tjitske anagwera pa mulu wa zingwe, dzino lili lende, magazi akuchucha pa juzi. Pamlatho mayi wina anakuwa kuti, "Musiyeni, chilombo inu!"

"Chitsiru!" Auke anamukalipira Tjitske. "Ona mmene amachitira!"

Anakhala m'mphepete, nagwira waya wa m'mbali mwa boti, natulutsa mwendo. Jombo inafika pakhoma, inde. Koma ndere n'zoterera. Phazi linatsetsereka, mwendo wonse n'kulowa pakati pa boti ndi miyala.

Kunamveka kuti khobo, ngati nkhuni youma. Kulira kumene analira Auke, mbalame zonse za padoko zinauluka. Boti linabwerera pang'ono, mphepo n'kulikankhanso, khobo kachiwiri. Pambali yoyera ija panayenda mzere wofiira mpaka m'madzi.

Tjitske anakwawa, namugwira lamba wa buluku, nakoka ndi mphamvu zimene sankadziwa kuti ali nazo. Anamugwetsera m'kati boti lisanamenye kachitatu. Pansi pa bondo panalibenso chooneka ngati mwendo. Anavula mpango wake namanga pantchafu, akukoka mfundo ndi mano ake ogwedezekawo.

Wybren anatulukira ndi makapu m'manja, khofi atamutayikira pamalaya. "Mayo ine, boti langa!" Ndi mawu oyamba amene ananena, ndithu. Kenako anaona magaziwo, nathamangira kuchiwongolero, naponyera zingwe mlonda wa pachipata.

Ambulansi sinachedwe. Pomukweza pamachira, Auke anali atatuwa ngati phulusa. Anamukodola mkazi wake. Tjitske anawerama, akuyesa kuti mwina apepesa.

"Ndiwe wachititsa," ananong'oneza Auke. "Ukaona kunyumba."

Mantha aja anabwera monga mwa masiku onse. Koma lero anapeza mkwiyo utakhala kale pamalo pake, ndipo sunasunthe.

"Mayi, kwerani, malo alipo," anatero mtsikana wa ambulansi. "Pakamwa panunso pafunika kusoka."

Tjitske analavula magazi m'ngalande. Anatembenukira kwa Wybren, amene ankasisita mokhumudwa pamene penti inakalika.

"Bambo Wybren, boti lofiira lija. Munthu mmodzi angalitulutse yekha padoko?"

"Yekha? Ee, mayi, ngakhale pachipata pano."

"Ndiye musagulitse kwa wina. Ndigonamo lero lomwe."

"Nanga achikulire?"

"Achikulire ali ndi madokotala."

Auke ankamuitanabe dzina, koyamba molamula, kenako mopempha. Mtsikana uja anadikira pang'ono, namuyang'ana Tjitske pamlomo wong'ambikawo, natseka chitseko.