Nsalu Yophimba Zala

"Zala izi sizidzaiwala, azakhali. Ndikadzabwera ndidzakutayipirani kalata nditatsinzina." Ndinalonjeza motero ndili pakhomo, chikwama kumanja, zaka makumi awiri ndi zisanu zapitazo.

Azakhali ankatayipa makalata pa ofesi ya maloya. Ine anandiphunzitsira kunyumba, pa taipi yawo yachitsulo, atandiphimba manja ndi nsalu ya patebulo kuti ndisasuzumire. Chala chilichonse chinali ndi nyumba yake pamzere wapakati. "Chikapita kocheza chizibwerera kwawo," ankatero, rula ili pafupi.

Kudziko lakunja kumene ndinapita, mikono inayamba kundiwawa. Mnzanga wa kuntchito anandisinthira kakhalidwe ka zilembo pa kompyuta: zotchuka anazisonkhanitsa pakati, zosowa anaziponya m'mphepete. Ndinawerenga mabuku otamanda nzeruyo, ndipo monga mwa chizolowezi changa ndinawakhulupirira. Usanathe mwezi zala zinali zitasamuka.

Nditabwerera ndinapeza msewu wathu utafupika, anthu akuyenda chowerama, akulembetsa mauthenga pa foni ndi pakamwa ngati akunong'oneza wodwala. Chimene chinandidikira ndi chipinda cha azakhali chokha: fungo la inki ndi mafuta a makina, fumbi likuyandama m'kuwala kwa pazenera osafuna kutera. Maso awo anali atachita ng'ala.

"Wabwera, kamberembere iwe? Khala apo. Pepala ndinaika kale, lachita kufiira kukudikira."

Anapapasa mpaka kupeza manja anga, nawaphimba ndi nsalu yomwe ija.

"Lemba. Taipi iyi ndikusiyira mwana wa mchimwene wanga, poti ndi yekhayo amene ndinamuphunzitsa n'kumva."

Ndinatsinzina. Zala zinathamanga zokha, kabelu kakulira kumapeto kwa mzere, ndipo kwa kanthawi ndinali mtsikana uja, miyendo yosafika pansi, mvula ikugogoda padenga. Azakhali ankagwedeza mutu ngati akumva nyimbo ya pautsikana wawo. Kenaka anapendeketsa khutu.

"Liwiro lilipo. Koma dzanja lamanjalo likudyera lamanzere ntchito, bwanji? Tandiwerengera."

Ndinasolola pepalalo. Mizere itatu yowongoka bwino, zilembo zakuda bii, koma popanda liwu ndi limodzi lomwe loti munthu n'kulitchula.

"Werenga, mwana iwe. Kapena nawenso maso akuthera?"

"Maso alipo, azakhali."

Anachotsa nsalu ija, naipinda kanayi, naiika pamiyendo pawo. Zala zinali zitaiwala.