Tikiti Yotuluka Msanga

Kompyuta ya m'shedi ya fodya pa esiteti yathu, kufupi ndi Mtunthama, inali yaulesi kuposa bulu. Ine Sellah ntchito yanga ndi yolemba mabelo pa sikelo. Ndikadina batani kuti tikiti ya belo ituluke, kompyutayo inkayamba yatsegula kaye chithunzi cha tikitiyo pa sikirini, n'kumangozungulira, mpaka munthu kumaliza chimanga chootcha. Kenako ndidinenso, ndiye pulinta idzuke.

Aliyense ankadandaula, kupatula ine ndi a Benjamin, tenanti wochokera ku Mulanje. Nthawi yodikirayo ndi imene tinkachezera. Iwo ankandiuza za mapeyala akwawo, ine n'kumawaseka kalankhulidwe. Miyezi iwiri yathunthu, koma mawu enieni aja osatuluka. Ndisabise, ndinkawafuna bambo amenewa, ndipo ndinkadziwa kuti fodya akangotha, lole iwabwezera kwawo.

Ndiye kunabwera msuweni wanga Duncan, uja anaphunzira zamakompyuta ku Lilongwe, wa manja oyabwa.

"Iwe Sellah, ukuvutikiranji chonchi? Pulogalamuyi itha kumatumiza tikiti ku pulinta mwakachetechete, osatsegula chilichonse."

"Isiye, ilibe vuto."

"Ilibe vuto? Mzere wafika kumsewu uko."

Abwana anamva, nkhani n'kuthera pomwepo. Duncan anagogodagogoda pang'ono, n'kunyamuka akuimba mluzu, ati ndimugulire fanta. Fanta wachiyani, munthu wandiphera ufulu?

M'mawa mwake a Benjamin anaika belo pa sikelo, n'kutsamira tebulo monga mwa masiku onse, kukonza kukhosi kuti ayambe nkhani. Ndinadina batani. Tikiti ija phwa, m'manja mwawo.

"Yatuluka kale?"

"Yatuluka."

Anaitembenuza uku ndi uku ngati mwina yalakwika. Mayi Fainala, amene anali kumbuyo kwawo, anati, "Tasunthani bambo, enafe tasiya ana kunyumba." Anasuntha. Tsiku limenelo ndinakwiya moti ndinafuna kuithira madzi pulintayo.

Sabata yonseyo a Benjamin ankabweretsa mabelo limodzilimodzi pa wilibala, pomwe anzawo ankangodzaza ngolo kamodzi. Akafika, moni, tikiti, basi. Thukuta lokhalokha, phindu palibe, ndipo shedi yonse inali itaona kale cholinga chawo.

Lachisanu anabwera ndi belo lomaliza. Ndinachedwa dala kulemba makilo, ndinapukuta sikirini, ndinafunsa nambala yawo yomwe ndinkaidziwa pamtima. Koma batani linayenera kudinidwa. Tikiti inatuluka, iwo analandira, osasuntha.

Mayi Fainala, mwa tsoka kapena mwayi, analinso kumbuyo kwawo. "Bambo inu, makinawa anasiya zozungulira. Inu mukudikira chiyani? Nenani tizipita."

Mzere wonse unaseka. A Benjamin anavula chipewa, n'kuchipinda m'manja.

"A Sellah, lole yathu ikunyamuka Lolemba. Ine sindikufuna kukwera ndisanadziwe kumene amakhala amalume anu."

"Ku Nkhamenya, kuseri kwa tchalitchi, nyumba ya chitseko chobiriwira," ndinayankha ndisanapume n'komwe. "Mupite mawa, Lamulungu sapezeka."

Chifukwa cha chimwemwe ndinadina batani kanayi, ndipo belo limodzi la mayi Fainala linalandira matikiti anayi.