Chikhadabo cha Nangozo

Nangozo analota atafika pa Msekese, katauni kakale ka osema ziboliboli, komwe amuna ake, a Lufeyo, anapita kukaphunzira ntchito miyezi isanu yapitayo osabwerako. Dzuwa linali paliwombo, koma mumsewu munalibe munthu. M'makhonde mwa masitolo akugwa masompho ankasema okha, kho! kho! kho! popanda wowagwira.

Patsinde pa mango anapeza a Chimtali, amalume a amuna ake. Maliro awo anawalira yekha chaka chatha, koma si awa ali phee, akupaka chiboliboli polishi wa nsapato!

"Mwafika, mayi," anatero. "Amuna anu ali pamzerepo. Lole ya ku Joni inyamuka ikangodzaza. Mukawazindikira isananyamuke, atengeni."

Kalanga ine! Pamzerepo panali amuna amtengo osawerengeka, onse akuda bii, nkhope imodzimodzi. Anafunafuna chipsera cha pachibwano cha a Lufeyo.

"Tinachifafaniza ndi sandipepa," anatero a Chimtali. "Ogula sachifuna."

"Bambo a Tiya!" anaitana. Onse anayankha pamodzi kuti "Ee?" n'kuyamba kukwera lole mmodzimmodzi.

Apo anakumbukira zomwe a Lufeyo ankanena, kuti phingo weniweni ndi wakuda mpaka m'kati, koma mtengo wopaka polishi ukaukanda umayera. Munthu sangakhale phingo, anaganiza. Anagwada pakhomo pa lole, n'kumakanda chidendene cha aliyense ndi chikhadabo. Woyamba, wakuda. Wachiwiri, wakuda. Lole inali ikudzaza. Atakanda wotsiriza panayera mbee, kenako panatuluka magazi.

"Ndi awa! Amuna anga ndi awa!"

"Ndi omwewo," anavomera a Chimtali mwaulemu. "Koma mwawakanda, mayi. Chokandika sitigulitsa, sitiperekanso kwa munthu. Timasonkhera moto wofiiritsira chitsulo chobowolera."

A Chimtali ananyamula a Lufeyo paphewa ngati chikuni. Ali pamoto, pakamwa pamtengo paja panatseguka pang'ono.

"Nangozo, bwenzi utangondisiya ndipite ku Joni."

Anadzidzimuka wina akumugwedeza. Anali kondakitala wa minibasi yomwe anakwera m'mawa.

"Mayi, pa Msekese ndi pano. Tsikani."

Nangozo anayang'ana chala chake. M'chikhadabo munali polishi wakuda bii. Kutsidya kwa msewu, patsinde pa mango, pankafuka utsi.